Lachitatu pa chitunda cha ku Chawe: momwe zikuyendera

2 Epulo 2025

Pamsonkhano wa kalabu Loweruka lapitali tinagwirizana zowonjezera tsiku lachiwiri lopalasa njinga. Loweruka m'mawa likhalabe la ulendo wautali, kaya wa ku Liwonde kaya wa ku Namadzi, koma Lachitatu tikaweruka kuntchito tizilimbana ndi chinthu chimodzi basi, chitunda cha msewu wa ku Chawe. Zolemba andisiyira ine, ati poti ndine ndimalongolola kwambiri gulu likamaduka pamsewu.

Kulongololako kuli ndi chifukwa. Loweruka timanyamuka pamodzi, koma chitunda choyamba chikangotipeza, anyamata a ku yunivesite ku Chirunga amasowa kutsogolo, apakati amavutika aliyense payekha, ndipo otsalira amafika popumira anzawo atakwera kale njinga kuti azipitirira. Munthu wotereyu sapuma n'komwe, ndipo sabata yotsatira sitimuonanso. Chaka chatha tinataya motero amayi angapo ndi abambo achikulire amene ankasonkha ndalama za kalabu mokhulupirika kuposa anyamatawo.

Cholinga tachiika poyera. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, lomwe chaka chino lagwa Lachitatu, aliyense wobwera ku maphunzirowa akwere kuchoka m'tauni mpaka pa hotela ya ku Chawe osatsika panjinga. Tauni ya Zomba ili pa mamita 900 ndi kanthu kuchokera pa nyanja yamchere, ku Chawe ndi cha m'ma 1,500. Ndiye kuti ndi kukwera mamita oposa 500, ndipo msewuwo supereka malo enieni opumira.

Chotivuta chachikulu ndi dzuwa. Ambiri timaweruka 4:30 kapena 5 koloko. Sabata ino dzuwa likulowa cha m'ma 5:40, ndipo likalowa, mphindi 20 ndi pang'ono zikangotha kwada. Anzathu okhala ku Britain amasimba zopalasa mpaka 9 koloko usiku mu Juni kukuwalabe. Kuno Juni ndiye mwezi woipitsitsa, dzuwa limalowa cha m'ma 5:15. Komanso phirili limatchinga tauni chakumpoto ndi kumadzulo, choncho msewu wathu umalowa mumthunzi dzuwa lisanalowe kwenikweni. Tili ndi ola limodzi lokha, mwinanso osakwana.

16 Epulo

Anyamata anapempha kuti tiyambe ndi njira yawo: aliyense akwere mpaka pomwe angathe, abwerere yekha. Tinawalola. Zotsatira zake ndi za Loweruka zomwe zija, kungoti zachitikira mumdima. Amphamvu anakafika pamwamba, n'kutsika mothamanga kutada, opanda nyali. Mayi wina namwino, amene wangoyamba kumene, anatsala yekha pakhota lina la mitengo ya paini osadziwa ngati adikire kapena atsike. Tinamupeza akukankha njinga potsetsereka poopa mabuleki.

A Tcheya anangoti, "Izi ayi." Palibe anatsutsa.

30 Epulo

Tasintha kachitidwe, ndipo ndikuona kuti apa ndiye pagona ntchito yonseyi. Sitikuyezanso ndi mtunda, tikuyeza ndi nthawi. Timakumana m'munsi, cha kufupi ndi munda wa maluwa wa Botanical Gardens, timapalasa pang'onopang'ono mphindi 10 kuti thupi litenthe, kenako tonse timanyamuka limodzi kukwera kwa mphindi 5. Mphindi 5 zikakwana, aliyense amatembenuka pomwe wafika. Wamphamvu amakhala atapitirira kilomita, wofooka atangodutsa theka lake, koma potsika wakumtunda amadzapeza wakumunsi, ndipo tonse timafika poyambira paja pafupifupi limodzi. Tikapuma pang'ono, timabwerezanso. Kanayi, ndiye kunyumba.

Ubwino wake ndi woti aliyense amavutika mofanana. Mphindi 5 za mnyamata wa zaka 20 ndi mphindi 5 za bambo wa zaka 55 zimawawa chimodzimodzi ngati aliyense akupalasa molingana ndi mphamvu zake. Palibe wodikira mnzake, palibe wochita manyazi kuti akuchedwetsa gulu, ndipo palibe amene amakhala patali ndi tauni mdima ukamagwa.

Poyamba tinayesa wezulo, koma sukumveka kuseri kwa khota. Tsopano aliyense amatchera alamu pafoni n'kuiika m'thumba, ndipo wopanda foni amatsatira amene ali naye pafupi.

Nkhani ya mphamvu yake tinakambirana kwanthawi. Anthu atsopano amanyamuka ndi ukali wonse, mphindi ziwiri zisanathe befu watha, ntchafu zauma. Mawotchi oyeza kugunda kwa mtima ali ndi anthu owerengeka, ndiye tikugwiritsa ntchito pakamwa. Pokwera, munthu azitha kuyankha mawu ochepa, monga "tilipo, kaya inu", koma asathe kusimba nkhani. Amene akusimba za mpira akunyengezera. Amene sakutha kuyankha n'komwe wapyola muyezo, ndipo ulendo wachitatu satha kuumaliza. Chizindikiro choti munthu wapalasa bwino n'choti pa ulendo wachinayi afike pomwe anafika pa woyamba, kapena kupitirira pang'ono. Ambiri asankha mtengo kapena mwala wa m'mbali mwa msewu woti azidziyezera.

14 Meyi

Lero ndi holide ya Kamuzu Day, ndiye tinayamba 3 koloko n'kupeza nthawi yoyang'ana njinga za anthu. Zomwe tapeza zandidabwitsa kuposa za miyendo.

Njinga zambiri za mpikisano zomwe timagula zakaunjika zimabwera ndi magiya olemera. Kutsogolo giya yaing'ono ili ndi mano 39, kumbuyo yaikulu kwambiri ili ndi 25. Tayala la njinga zimenezi likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.1, ndiye ndi magiya amenewo kupalasa kamodzi kumakupititsa mamita oposa 3. Pachitunda pomwe munthu wamba akuyenda makilomita 9 pa ola, miyendo imazungulira kosakwana ka 50 pa mphindi. Kumeneko sikupalasa, n'kuponda, ndipo maondo ndi amene amalipira. Njinga ya mano 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo imayenda mamita 2.2 pa kupalasa kumodzi, ndipo pa liwiro lomwelo miyendo imazungulira pafupifupi ka 70. Mphamvu yokwezera thupi pamwamba ndi yomweyo, koma yagawidwa tizigawo ting'onoting'ono, ndipo mtima ndi mapapo zimathandiza minofu kusenza.

Bambo wina wopuma ntchito ya uphunzitsi wakhala akudandaula bondo lakumanja kuyambira Epulo. Tinapita nawo kwa amisiri athu a kumsika, omwenso ndi membala wa kalabu. Amisiriwo anawerenga mano ndi chala chakuda ndi girizi, n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, njinga iyi anapangira anyamata othamanga pachigwa. Inuyo mukufuna mukafike nayo ku Chawe ndi maondo amenewa?"

"Nanga nditani, achimwene? Ndigule ina?"

"Ayi, musawononge ndalama. Tisintha zakumbuyoku, tiika za njinga ya m'mapiri. Tcheni chokha mugule chatsopano, ichi chafutukuka."

Anakwezanso chishalo ndi zala ziwiri, poti mwendo sumawongoka pedulo ikafika pansi. Zipangizo zakwera mtengo moti si onse angasinthe mwezi uno. Tagwirizana kuti amene ali ndi magiya olemera azikwera mbali yam'munsi yokha, yosatsetsereka kwambiri.

Pali mnyamata wina wakabaza amene wayamba kubwera ndi njinga yake ya Buffalo, ya giya imodzi, yolemera makilogalamu oposa 20. Njinga za anyamata a ku Chirunga zimalemera cha m'ma 10. Kwa munthu wa makilogalamu 65, kusiyana kumeneko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a katundu yense wokwera naye phiri. Komabe amafika pakati pa gulu, ataimirira pamapedulo mphindi zonse 5, keliyala ikulira. Tsiku lomwe adzabwereke njinga yopepuka, anyamata aja adzasowa chonena.

4 Juni

Mdima wafika pachimake. Tikunyamuka 4:40 ndendende, wochedwa amatipeza panjira. Kutenthetsa thupi tachepetsa, maulendo tasiya atatu. Aliyense ayenera kukhala ndi nyali yofiira kumbuyo ndi yoyera kutsogolo. Wopanda nyali amabwerera pakatha ulendo wachiwiri, ndipo pa ichi a Tcheya sakumva za munthu. Kalabu yagula tinyali totchajitsa tingapo toti tizibwereketsa, koma magetsi akazima tsiku lonse timabwera tili tofooka.

Anthu achepa. Ena mabwana awo sawalola kutuluka msanga.

18 Juni

Chiperoni. Chifunga chinatsika kuphiri masana, ndi kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Tinabwera ochepa, ndipo tinasandutsa tsikuli la phunziro la kutsika, lomwe takhala tikulizengereza.

Pokwera munthu amatuluka thukuta ngakhale kuzizire bwanji. Akatembenuka, mphepo imawomba malaya onyowawo, zala zimachita dzanzi, ndipo zala zadzanzi sizigwira bwino mabuleki. Aliyense azinyamula kajekete kopyapyala, ndipo wopanda kajekete aike nyuzipepala pachifuwa mkati mwa malaya. Mabuleki a mphira zogwira limu amachedwa kugwira limu ikanyowa, ndiye amafunika kuwafinya pang'ono msanga kuti apukute madzi. Liwiro lichepetsedwe khota lisanafike, njinga ili chilili, osati pakati pa khota. Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga. Atsopano ambiri amaiopa, amangokoka yakumbuyo, tayala n'kuyamba kutsetsereka. Tinayeseza pamalo oongoka, thupi litabwerera kumbuyo kwa chishalo, manja onse awiri akufinya mofanana, mpaka namwino uja anayamba kuima pomwe akufuna.

Chinanso n'choti msewuwu si wathu tokha. Nthawi yomwe timakwerayi ndi imenenso otola nkhuni amatsika. Amayi amatsika ndi mitolo yaitali pamutu, yoti sangatembenuke nayo msanga ngakhale utaimba belu. Abambo amatsika ndi njinga zosanjikiza nkhuni kupitirira mutu wawo. Ndinayang'anitsitsa mmodzi titaima pambali. Nkhuni anazimanga ndi malamba a chubu, mulu wake utapendekera kutsogolo pamwamba pa chishalo moti malo okhala panalibe. Iye anali pambali pa njinga, dzanja lina pahandulo, phewa litatsamira katundu, mapazi akukhwekhwereza pa tala kuti njinga isamuthawe, nkhwaira zake za tayala zitatha mbali imodzi. Munthu ameneyu sangaime mwadzidzidzi ndipo sangapatuke. Wopatuka ndi ife. Lamulo tsopano n'loti potsika tikhale kumanzere kwenikweni, mmodzimmodzi, osapitirirana pakhota, ndipo wakutsogolo azifuula akaona nkhuni kapena lole ya matabwa.

9 Julayi

Mkangano. Unayambika Loweruka, wapitirira lero. Anyamata akuti Lachitatu lasanduka la nkhalamba, mphindi 5 siziwakwanira, iwo akufuna kukwera phiri lonse kuti nthawi zawo zizioneka pa Strava, pulogalamu ya pafoni yomwe opalasa amaonetserana nthawi zawo.

Mmodzi anati, "A Tcheya, ifetu sitikupindulapo kanthu. Tikangoyamba kutenthedwa, alamu yalira."

"Mphwanga, ulendo wachitatu unafika pomwe unafika woyamba?"

"Ayi, ndinatsalira pang'ono."

"Ndiye ukuti sizikukukwanira bwanji?"

Anthu anaseka, koma ine ndikuona kuti anyamatawo ali ndi mfundo theka. Mphindi 5 zobwerezabwereza zimakulitsa mphamvu ya mtima ndi mapapo, koma ku Chawe kumafuna munthu wotha kupirira mphindi 40, ena ola lathunthu, pa mphamvu yotsikirapo. Zimenezo zimaphunziridwa ndi maulendo ataliatali. Pomwe sindikugwirizana nawo ndi poti tibwerere ku zoti aliyense payekha. Akatero kalabu ikhala ya anthu asanu othamanga, ndipo anthu asanu othamanga safuna kalabu.

Tamangana chonchi. Nthawi izikwera mwezi ndi mwezi: Julayi mphindi 8 katatu, Ogasiti mphindi 12 kawiri, Seputembala mphindi 20 kamodzi ndi kena kakafupi. Kutembenuka limodzi kukhalapobe. Loweruka lomaliza la mwezi, m'mawa kukuwala, amene akufuna akwere phiri lonse adziyeze. Awiri sanakhutire ndipo asiya kubwera Lachitatu.

30 Julayi

Mphindi 8 zikutifikitsa pamakhota omwe ambiri anali asanawaonepo ali panjinga. Pakhota lokhotera kumanzere, mkati mwake ndi motsetsereka kwambiri kuposa kunja, ndiye tikuphunzitsana kusintha giya khota lisanafike. Kusintha uli pakati, ukuponda ndi mphamvu, ndi kumene kumadula tcheni, ndipo chaduka kale cha munthu mmodzi. Amisiri athu tsopano amayenda ndi kachida kolumikizira.

Aphunzitsi aja bondo lasiya kuwawa. Mwala wawo wa Epulo akuudutsa mphindi 4 zisanakwane.

20 Ogasiti

Dzuwa layamba kutibwezera mphindi zathu, likulowa cha m'ma 5:30. Kwauma, kuli fumbi ndi mphepo, ndipo masiku ena utsi wa moto wolusa kuphiri umatsikira mumsewu moti pakhosi pamayabwa. Tsiku lina tinabwerera chifukwa cha utsiwo.

Vuto la mwezi uno ndi la njala ndi kutopa. Anthu amadya nsima 12 koloko, ena sadya n'komwe, n'kubwera kudzakwera phiri 5 koloko. Pa mphindi 5 zinkatheka. Pa mphindi 12 mnyamata wina anachita chizungulire, tinamukhazika pansi n'kumupatsa nthochi ndi madzi a shuga. Tsopano tikukumbutsana kudya kanthu cha m'ma 3 koloko, nthochi, mbatata yophika, chikondamoyo, chilichonse chosalemera m'mimba.

Wina, wogwira ntchito kubanki, anatengeka moti anayamba kukwera chitundachi pafupifupi tsiku lililonse payekha. Masabata awiri oyamba ankauluka. Tsopano akutsalira kumbuyo kwa anthu omwe ankawasiya, akuti tulo sakugona bwino ndipo miyendo ikulemera ngakhale pamasitepe. Thupi limamanga mphamvu pa masiku opuma, chitunda chimangolipatsa chifukwa. Tamuuza kuti apume sabata yathunthu, ndipo masiku ovuta asapitirire awiri pa sabata, Lachitatu ndi Loweruka. Kaya amva.

Wakabaza uja amavuta kumulangiza zopuma, poti kupalasa ndiye ntchito yake kuyambira m'mawa. Iye yekha tamulola kuti azichita ulendo umodzi akatopa.

1 Okutobala

Pa 17 ndi pa 24 Seputembala sitinapalase. Dziko linali kudikira zotsatira za chisankho cha pa 16, ndipo ambiri anafuna kukhala pakhomo kusanade. Masabata awiri amenewo agwa pomwe timafuna kuchita mphindi 20, ndiye dongosolo latsalira.

Lamlungu pa 28 tinasonkhana kunyumba kwa a Tcheya kuonera mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi wa ku Kigali, woyamba kuchitikira mu Africa. Tadej Pogačar anapambana atakwera mamita oposa 5,000 tsiku limodzi, kutanthauza ku Chawe kakhumi. Chomwe ndinafuna kuti anyamata aone si iyeyo koma magiya. Akatswiri amenewo pazitunda za ku Kigali miyendo yawo imazungulira mopepuka, tcheni chili pa giya zazikulu zakumbuyo, zomwe anyamata athu amati ndi za nkhalamba.

Lero tachita mphindi 20. Kukutentha ngakhale 5 koloko, ndipo botolo limodzi la madzi silikukwanira. Apa kutembenuka limodzi kwayamba kuvuta, ndiyenera kulemba zimenezi. Pa mphindi 20 wakutsogolo ndi wakumbuyo amasiyana makilomita awiri, ndipo gulu silikumananso msanga ngati kale. Tinaika munthu mmodzi wamphamvu kumbuyo kwenikweni kuti pasakhale wotsala yekha, ndipo azisinthana. Njira yathuyi imagwira bwino mpaka cha pa mphindi 12. Kupitirira apo imafuna wolondera.

15 Okutobala

Tinanyamuka 6 koloko m'mawa kuthawa dzuwa. Ofooka anayamba, amphamvu anawapatsa mphindi 20 asananyamuke, kuti tikafike pamwamba moyandikana.

Cholinga chathu sichinakwaniritsidwe chonse. Ambiri anafika osatsika, kuphatikizapo aphunzitsi ndi namwino uja, amene anakwera mwakachetechete pa giya yopepukitsitsa kuyambira pansi mpaka pamwamba, osayankha aliyense. Atatu anatsika n'kukankha pamakhota akumtunda. Awiri mwa iwo ndi omwe sanathe kugula magiya opepuka, wachitatu ndi wakubanki uja, amene ananyamuka ngati akuthawa njuchi. Wakabaza anabwereka njinga ya amisiri, ndipo anafika wachiwiri pa gulu lonse, akudandaula kuti chishalo chake n'chopweteka.

Pamwamba tinagula sitiroberi kwa anyamata ogulitsa panja pa hotela, ena anapitirira kukaona damu la Mulunguzi. Potsika panalibe ngozi. Limu za aphunzitsi zinatentha moti sizimagwirika, ndiye tinaima kawiri kuti zizizire, poopa kuti chubu chingaphulike.

Zotsala ndi izi. Awiri a magiya aja akufunika thandizo, ndipo msungichuma akuti m'thumba la kalabu muli zokwanira munthu mmodzi, winayo adikire masonkhedwe a Novembala. Tinyali tiwiri tobwereketsa sitinabwezedwe. Ndipo mvula ili pafupi. Kuno imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndi ziphaliwali, ndipo imakokolera mchenga ndi timiyala pamakhota. Ena akuti m'dzinja Lachitatu lisamukire m'mawa, poti mu Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko ndipo munthu atha kukwera ola lathunthu n'kukafika kuntchito 7:30. Amayi akuti m'mawa ndi nthawi yokonzekeretsa ana kusukulu, ndipo wakabaza akuti ndi nthawi yomwe amapeza makasitomala ambiri. Ine ndili kumbali yoti tikhalebe madzulo, tizingolephera tsiku lomwe yagwa. Tivota Loweruka tikabwera ku Namadzi.